Masana Pakhonde la aZulu

Ndikakumbukira aZulu, telala amene tinkakhala naye moyandikana ku Nabvutika, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera litasakanikirana ndi utsi wa makala a pambaula, komanso phokoso la makinawo limene linkayamba m'mamawa n'kumangoduka iwo akamadula ulusi ndi mano. Akazi awo anali atamwalira kale, ana ali ku Lusaka, choncho ankadziphikira okha pakhonde pomwepo.

Nthawi imeneyo ndinali ndisanayambe sukulu, ndipo ndinkadya chinthu chimodzi chokha: mbatata yophika. M'mawa mbatata, masana mbatata, madzulo mbatata. Nyemba, repu, kapenta, ngakhale nkhuku ya pa Khirisimasi, zikangoyandikira pakamwa nseru inkandigwira. Amayi anayesa kundinyengerera, anayesa kamkwapulo, anayesa kunditsina mphuno kuti ndiyasame, koma ndinkangosanza. Kusikelo anamwino ankawadzudzula pamaso pa amayi anzawo kuti mwana sakukwera. Kenako azakhali anga, alongo awo a atate, anabwera kuchokera ku Chipangali, anandigwira kamkono kowondako n'kunena kuti, "Mlamu, mwanayu wakukanikani. Tikakolola mtedza ndidzamutenga akakulire kumudzi."

Azakhali atangochoka, amayi anandikhazika pamphasa ndi mbale ya nyemba, amvekere sindidzukapo mpaka nditamaliza. Ine misozi, iwonso misozi. Makina a aZulu anaima.

"Amake Tisa," anaitana amayi anga ali pakhonde pawo, "muzindibwerekako mwanayo masana azinditolera mapini. Maso angawa atha."

Ndinayamba kupita. Dzuwa likafika paliwombo ankakankhira nsalu pambali, n'kundiikira mbatata yanga m'kambale kangakanga, ndiwo zawo n'kuziika pakati pathu. Mawu akuti "idya" sindinawamvepo pakamwa pawo. Ankatembenuzira mpando kumsewu n'kumadya akundifotokozera za anyamata a njinga otsika ndi matumba a makala, uyu mabuleki alibe, uyo tayala latha, ngati akucheza ndi munthu wamkulu mnzawo.

Panapita masabata ndithu. Tsiku lina ndinaviika chala mumsuzi wa nyemba n'kunyambita. Ndinadikira kuti akuwe, aitane amayi adzaone. Iwo anangopitiriza nkhani ya njinga. Mawa lake ndinasunsa mbatata. Nyemba zenizenizo zinabwera mochedwa, dzira mochedwanso kwambiri.

Amayi atamva kwa ine ndemwe kuti ndayamba kudya ndiwo kwa aZulu, anapita kukafunsa ngati panali mankhwala amene ankandithirira.

"Mankhwala ati, mayi?" anatero aZulu akulowetsa ulusi pasingano. "Ngakhale ine, anthu atandizungulira n'kumayang'ana mbamu iliyonse, pakhosi pangatseke. Kunyumbakonso muzingomuikira pafupi, inu muzichita zanu."

Mtedza utakololedwa azakhali anabweradi. Ndinali wowondabe, koma kusikelo anali atasiya kuwadzudzula amayi. Azakhali anauza amayi kuti andipatse nyemba kuti iwo aone okha ndikudya. Amayi, amene sankayankha akuchimuna, anagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Pepani alamu, mwanayu sadya moonetsa. Ndipo sapita." Azakhali anakwera minibasi okha, atakwiya, ndipo anatenga nthawi osapondanso pakhomo pathu.

AZulu anamwalira ndili kusekondale. Therere sindidya mpaka lero, ndipo palibe amene anandichiritsa zimenezo.

Panopa ndili ndi mwana wanga wamwamuna, Dalitso, amene amangofuna buledi ndi tiyi. Kuchipatala anamuyeza, akuti alibe matenda. Komabe ndikaona timikono take, dzanja limandiyabwa kuti nditenge supuni ndimukakamize, ndipo tsopano ndimamvetsa misozi ya amayi. Ndimamuikira ndiwo pafupi, ine n'kuyang'ana pawindo ndikumuuza za magalimoto odutsa. Dzulo masana ndinamva supuni ikugunda m'mbale ya nyemba kumbuyo kwanga. Khosi linachita kundiwawa pofuna kucheuka, koma sindinacheuke.