Bala la pamsana

Chithupsacho chinatuluka pamsana, pakati pa mapewa, pomwe dzanja langa silifika. Nthawi imeneyo ndinkachita lendi kachipinda pafupi ndi boda ya Mchinji, n'kumagulitsa zitenje zomwe ndinkakapikula ku Chipata. Amuna anga anali atamwalira kale, mwana wanga mmodzi yekhayo ali ku Joni, abale onse kumudzi ku Mkanda. Matenda a shuga ndinali nawo, koma mapilitsi ndinkamwa modumphadumpha.

Ndinkati chiphulika chokha. M'malo mwake chinakula, kuuma gwa, kenako chinaboola timaso tambirimbiri totulutsa mafinya. Izi anandiuza ndi mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi benchi yanga, ataona ndikunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Ananditengera kuseri kwa shopu n'kukweza bulauzi yanga.

"Mayi inu, ichi si chithupsa wamba," anatero. "Kwerani galimoto pompano."

Kuchipatala cha kuboma anandiyeza shuga, adokotala n'kupukusa mutu. Anati mnofu wina wafa, ndipo akapanda kuuchotsa matendawo alowa m'magazi. Ndinaimbira mng'ono wanga. Anabwera ndi khanda kumsana, nandidikirira panja pa fiyeta, chipinda cha opaleshoni, mpaka ananditulutsa. Koma inali nyengo yokumba mtedza, mwamuna wake akudwalanso, ana kunyumba ali okha. Nditangoyamba kudzuka ndekha ndinamuuza kuti azipita. Anakana pang'ono, kenako anamanga katundu.

Balalo sanalisoke. Anati liyenera kupola kuchokera mkati. Ndinkagona chafufumimba, mutu utapendekera kumbali, moti anthu a m'wodimo ndinkawadziwira mapazi. Nthawi yoona odwala ikakwana, nsapato zinkalowa zambiri, za fumbi, za kutchalitchi, n'kumaima pa mabedi a anzanga. Zanga zinali nsapato zoyera za anamwino basi.

Anamwinowo anali mayi wachikulire wosayankhulayankhula. M'mawa uliwonse ankanyowetsa bandeji ndi madzi amchere, n'kuikoka pang'onopang'ono kuchokera m'dzenjemo. Ululu wake ndinkaluma chitenje. Akatsuka ankandiuza zomwe akuona, poti ine sindikanatha kuona.

"Lero mafinya achepa."

Tsiku lina anati, "Layamba kufiira ngati mkati mwa gwafa. Ndi mnofu watsopano umenewo."

Anandifunsa ngati ndikufuna alijambule pafoni kuti ndilione. Ndinavomera. Dzenje lake linali loti chikhatho chikhoza kukwanamo. Ndinawabwezera foniyo, ndipo sindinapemphenso.

Atanditulutsa ndinabwerera kukachipinda kanga. Kuchipatala anali atandiphunzitsa kudzibaya jakisoni wa shuga pantchafu, botolo lake n'kumalisunga mumtsuko wa mchenga wonyowa kuti lisatenthedwe. Kusamba kunali kongopukuta kutsogolo ndi m'miyendo. Mtolo wa zitenje sindikanasenza, choncho ndinkakhala pakhonde n'kumayang'ana mathiraki ali pamzere kudikira mapepala. Oyandikana nawo ankandipatsa moni ali chapatali. Sindiwadandaula, masiku oyambawo bandeji ikanyowa inkanunkha, ngakhale ineyo ndinkamva. Mwana wanga ankaimba Lamulungu, ine n'kumati ndili bwino.

Ulendo wanga unali umodzi, wa kuchipatala kukatsukitsa bala. Poyamba tsiku lililonse, kenako modumphitsa. Ndinkalawira, kukhala pabenchi ndi anzanga a zilonda za m'mapazi, kudikira kuitanidwa. Ndikalowa, anamwino aja ankafunsa, "Mwadya chiyani lero? Tiyi mwathira shuga?" Ndiye ankayika dzanja paphewa panga kuti ndiwerame. Panalibenso wina wondifunsa zotere, kapena wondikhudza.

Mvula yoyamba itagwa, anachotsa bandeji, nakanikiza m'mbalimbali ndi chala.

"Latseka. Valani bulauzi, mayi. Kuno musabwerenso, muzingopita ku kiliniki ya shuga."

Ndinathokoza, ndikuwomba m'manja. Iwo anali atayamba kale kuitana wotsatira.

M'mawa mwake ndinadzuka molawirira monga mwa masiku onse, kusamba thupi lonse mpaka kumsana, kuvala, kutseka chitseko. Ndili pamsewu m'pamene ndinakumbukira kuti kuchipatala sakundidikira. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi, anyamata osintha ndalama akundiitana. Kenako ndinatembenuka, n'kulowera kugeti la boda la ku Mwami, njira ya ku Chipata, kukaona ngati kwabwera zitenje zatsopano.