Masiku Atatu a Mayi Aida ndi Mwana wa Esnart

Mayi Aida anabadwira ku Ngabu, kumene munthu amachita thukuta dzuwa lisanakwere n'komwe. Ku Wenya anabwera potsatira amuna awo, a Wallace, amene anali mphunzitsi wa pulayimale. Bambowo atamwalira mu 2016, abale anati abwerere kwawo, koma iwo anatsala. Anali atapeza ntchito yokolopa pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, ndipo manda a amuna awo anali komweko. Ana analibe.

Chitumbuka ankadziwa cha moni ndi cha pamsika basi. Anthu ankawalemekeza, koma obwera kudzacheza kunyumba kwawo anali ochepa. Kuzizira kwa ku Wenya sanakuzolowere, moti ankakolopa atavala majuzi awiri.

Poti antchito anali operewera, namwino wa pamenepo, a Clifford, anawaphunzitsa kuika choyezera kutentha kwa thupi m'khwapa, kumva kugunda kwa mtima pa mtsempha wa padzanja, ndi kuwerenga kapumidwe ka mwana poyang'ana pamimba. Anaziphunzira msanga. Akaweruka ankabwerera kunyumba, kopanda wowafunsa kuti aswera bwanji.

M'mawa wina mu June kunabwera mtsikana wa ku Chisenga, dzina lake Esnart, atamukweza pa njinga. Anabereka mwana wamwamuna masiku asanakwane. Kenako thupi la mayiyo linatentha kwambiri, ankangonjenjemera, osatha kugwira mwana. Khandalo linazizira mapazi ndi pamimba pomwe, ndipo choyezera chinaonetsa 35. A Clifford anafotokoza kuti mwana wotere alibe mafuta osunga kutentha, ngakhale kunjenjemera sangathe, choncho mabulangete okha sangamuthandize. Ankafunika kugona pachifuwa cha munthu, khungu kukhudzana ndi khungu. Apongozi amene anaperekeza Esnart ankatsokomola kwambiri, ndiye sakanatha.

"Amayi, mungamutenge inu?" anafunsa a Clifford.

"Ine sindinaberekepo," anayankha Mayi Aida.

"Zilibe kanthu. Vulani majuziwo."

Anamugoneka pachifuwa pawo, atamuveka kachipewa, n'kumumangirira ndi chitenje. Ankamva kamtima kake kakugunda mofulumira kuposa wawo. Patatha maola awiri choyezera chinafika pa 36 ndi theka.

Anakhala naye masiku atatu, chokolopera chili pakona. Ankamumwetsa mkaka wofinya wa mayi ake pa kakapu. M'chipindamo mukakhala zii, ankamulankhula m'Chisena, chimene anali atakhala zaka osachilankhula ndi munthu. Ankamuuza za kwawo, za minda ya thonje ndi za mchemwali wawo amene anasiya kuimba foni.

Tsiku lachinayi thupi la Esnart linasiya kutentha, ndipo anatenga mwana wake. Mayi Aida anamuonetsa kamangidwe ka chitenje, n'kubwerera ku ntchito yawo. Patatha masabata awiri Esnart ndi mwana wake anatulutsidwa m'chipatala. Potsanzika, Esnart anagwada n'kuthokoza Mayi Aida m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, amama."

Chaka chotsatira mayi wina wa ku Chisenga anauza Mayi Aida kuti mwanayo anamutcha Sungani, wayamba kuimirira, ndipo Esnart akuti akamuone. Mayi Aida anafunsa njira bwinobwino, anafunsanso kuti wapansi amayenda maola angati. Anagula kamalaya pamsika, n'kukasunga m'sutikesi. Mpaka pano sanapite. Akafunsidwa, amati Loweruka, tsiku limene sapita kuntchito, ndi tsiku lawo lochapa.