Chipinda cha Opita Kunja

Inu adzukulu anga, makamaka atatu amene mwandiuza kuti mukamaliza mayeso mukwera basi ya ku Joni, ndi inunso amene muli kale kumeneko ndipo za moyo wanu timangomvera kwa anthu odutsa, tcherani khutu. Ndalemba izi chifukwa mmodzi wa inu adandiwerengera m'buku lake la kusukulu za anthu a ku Armeniya, amene akuti obalalikira m'maiko a eni ndi ochuluka kuposa otsala kwawo. Iye adaseka, nati, "Agogo, nanga mtundu wotere amauwerenga bwanji?" Ine sindidaseke msanga, pakuti funso limenelo lidanditulutsapo thukuta kuseri kwa mpanda wa bango, pensulo ili kukhutu, nkhondo yachiwiri ya azungu itangotha.

Masiku amenewo ndidali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni m'mudzi wina wa kunyanja, cha ku Lifuwu. Kwathu kwenikweni n'kumtunda, cha ku Khombedza. Kunyanjako ndidapitako ndi ukwati, ndiye kuti ndidali mkamwini: munda wobwereka, bwalo lobwereka, ngakhale chifuwa ndinkatsokomola mobwereka. Nditakhala zaka zinayi ndi kubereka ana awiri, ndidatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, kuti nditenge agogo anu aakazi tikakhale kwathu. Yankho lidali lakuti, "Tamva, tikuganiza." Woganizayo adayenera kukhala atsibweni a mkazi wanga, koma mudzi wonse unkadziwa kuti iwo ankangobwereza zimene alongo awo anena, ndipo alongo awowo ndiwo adali apongozi anga, mayi wamasiye wamfupi, wa mawu otha kuwoloka dambo la mpunga.

Kuti adali amfupi ndidachita kumva, chifukwa mwambo sunkalola mkamwini kuyang'anana ndi apongozi ake. Pa zaka zinayizo ndinkawadziwa ndi zidendene ndi katsokomoledwe basi. Tikakumana pa njira, iwo ankatembenukira ku tchire la kumanja, ine n'kulowa la kumanzere, ndipo tsiku lina la kumanzerelo lidali la chitedze. Ndidakanda sabata yathunthu, koma ulemu ndidausunga.

Tsono boma lidaitana aphunzitsi ku Salima kuti tikathandize kalembera wa anthu. Kalaliki wa pa boma adatipatsa mapepala aakulu odulidwa tizipinda: ka amuna, ka akazi, ka ana, ka mtundu, ka chipembedzo. Kumapeto kudali chipinda cha opita kunja kwa dziko, momwe tinkayenera kulemba munthu amene sali pamudzi, kumene ali, ndi nyengo imene adachoka. Adatikwezetsa manja kulonjeza kuti sitidzalemba bodza. Ine, mwana wa mishoni, ndidakweza dzanja mpaka malaya adasololoka m'kabudula.

Ntchitoyo idandionetsa mudzi umene ndinkayesa kuti ndikuudziwa. Khomo ndi khomo ndinkapeza akazi, ana ndi nkhalamba. "Nanga abambo?" Ali ku Halale. "Achimwene?" Ku Joni. "Amalume?" Adatsatira achimwene. Chipinda cha amuna chidakhala mbee ngati bwalo losesa, pamene chomalizira chija chidadzaza mpaka ndidayamba kulemba m'mphepete. Chipinda cha mtundu nachonso chidali ndi zake. Mkulu wina wa Chisilamu, mwini khoka, ndidampeza akusoka ukonde.

"Mtundu wanu, bambo?"

"Bambo anga adali Myao, mayi anga Mchewa, agogo akuchimuna adachokera kutsidya pa bwato. Muli ndi chipinda cha anthu otere, mwalimu?"

"Palibe. Musankhe chimodzi."

"Wallahi, ndisankhe bambo, mayi andilote? Lembani kuti msodzi."

Ndidamulemba Myao chifukwa cha kofiya yake, ndipo mpaka imfa yake ankandipatsa moni wakuti, "Salaamu, inu amene mudandichotsera mayi."

Nyumba ya apongozi anga ndidaisiyira kumapeto, monga mwana asiyira mankhwala owawa. Vuto silidali manyazi okha. Iwo adali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, mlamu wanga, amene adakwera sitima ya pamtunda njanji itangofika kumene ku Salima, ndipo sadabwerenso. Ine sindidamuonepo. Komabe kanyumba kake kankazilidwa mwezi ndi mwezi, mkeka wake unkayanikidwa pa dzuwa, ndipo denga lake ndinkafolera ndine chaka ndi chaka. Munthu wopita kunja osamvekanso tinkamutcha mtchona, koma liwu limenelo silinkatchulidwa pafupi ndi apongozi anga. Mayi wina adalitchula kumadzi, ndipo adabwerera kwawo ndi khosi la mtsuko lokha m'manja.

Tsikulo lidafika. Ndidakhala pa mtondo wogubuduza kunja kwa mpanda, apongozi ali mkati, mkazi wanga ataima pa chipata kuti azinyamula mawu. Mpandawo udali wa bango lowuma, woti ngakhale nkhuku ikameza chimanga kuseri umamva, koma mwambo ndi mwambo.

"Uwauze amayi kuti boma likupempha kudziwa chiwerengero cha ana awo," ndidatero.

"Uwauze aphunzitsi akowo kuti ana sawerenga ngati mbuzi," adayankha apongozi mkazi wanga asadatsegule pakamwa. "Amene akufuna kuwerenga akabereke ake."

Mkazi wanga adatembenukira kwa ine mwaulemu. "Akuti takulandirani."

Tidayenda motero pang'onopang'ono. Zaka zawo adakana kunena, koma adavomera kuti pa nthawi ya nkhondo yoyamba adali atatha msinkhu. Ana aakazi tidawapeza powatchula mmodzimmodzi ngati tikufunsa za moyo wawo. Kenaka tidafika pa mlamu wanga.

"Uwafunse kuti achimwene ako ali kuti."

"Wapita kuntchito," mawu adatero kuseri.

"Adapita liti?"

"Tsiku limene adapita."

"Kodi dzulo adagona pamudzi pano?"

"Mkeka wake udagona pano. Nyumba yake idagona pano. Denga adafolera okha aphunzitsiwo, kapena ankafolera mizimu?"

Ndidafotokoza mofatsa, kudzera mwa mkazi wanga, kuti pepala lili ndi chipinda cha opita kunja, ndipo mlamu wanga ayenera kulowa m'menemo pamodzi ndi amuna ena a m'mudzi. Kuseri nkhuku zidachoka zokha.

"Uwauze kuti chipinda chimenecho ndachimva mbiri yake. Ndi manda a pepala. Akamulemba m'menemo ndiye kuti boma lonse ladziwa kuti mwana wanga ndi mtchona, ndipo wamuchonetsa ndi mlamu wake yemwe. Uwauzenso izi. Iwo akufuna chitengwa. Akatenga iwe ndi ana awiri, pakhomo pano pachoka atatu. Tsono akufuna achotsenso wachinayi ndi pensulo? Asankhe. Mwana wanga akalembedwa kuti ali pano, iwe upita ku Khombedza. Akalembedwa kuti kulibe, aphunzitsiwo adzakalambira pa mtondo akhalirawo."

Mkazi wanga adandiyang'ana. "Akuti muganize bwino."

"Ndamva ndekha," ndidatero, kuiwala mwambo.

Adzukulu anga, walira mvula walira matope. Ndidafuna ulemu wa kalembera, ndipo ndidaupeza. Dzanja limene ndidakweza ku Salima lidayamba kulemera, ndipo ku Khombedza, kumene bambo anga adali atandidulira kale munda, kudayamba kutalika. Kulemba bodza kudali kosavuta: kachizindikiro kamodzi m'chipinda cha amuna, chimene chidali ndi malo ambiri. Ndani akadabwera kuchokera ku boma kudzasuzumira m'kanyumba kaja? Koma ndidali nditalemba kale amuna a eni ake onse m'chipinda chomalizira, ena akazi awo akulira, ndipo mawa lake ndikadaima pamaso pa ana awo kuwaphunzitsa kuti bodza ndi tchimo.

Pofuna kugula nthawi, ndidati, "Uwauze amayi kuti ngakhale ndifune kumulemba m'chipinda chimenecho, sindingathe bwinobwino, chifukwa pepala likufunsa kumene munthuyo ali, ndipo palibe akudziwa."

"Ndani wati palibe akudziwa?"

Mkazi wanga adagwetsa maso pansi. Ndidamva apongozi akulowa m'nyumba, kusuntha mitsuko, ndi kubwerera. Pakati pa mabango padatulukira ngodya ya envulopu, yofiira ndi utsi, yonunkhira usipa wouma. Idali yosatsegula. Chidindo chake chidandiuza kuti idafika zaka zitatu zapitazo.

Nkhani yake idali yotere. Kalatayo idabwera ndi munthu wochokera ku Salima. Apongozi adaitengera kwa shehe wa pamzikiti, koma iye adati amawerenga zilembo za Chiarabu zokha. Wamkulu wodziwa zilembo za kusukulu m'mudzi monse adali mmodzi, ndiye mkamwini wawo, amene sakadatha kumupatsa kanthu m'manja kapena kukhala naye pa mkeka umodzi. Ndiponso ankaopa. Kalata yochokera kutali, m'maganizo awo, inkanyamula maliro. Ikakhala yotseka, mwana ali moyo. Adaiika mu mtsuko, nalumbiritsa mwana wawo wamkazi kuti asandiuze, ndipo ine ndidafolera denga lija katatu kalata ili pansi pa mphuno yanga.

"Uwauze awerenge," adatero, mawu atachepa koyamba chiwadziwire. "Koma akapeza zoipa, asiye, anene kuti zilembo zafufutika."

Ndidaing'amba ndi kuwerenga mokweza. Mlamu wanga adali moyo. Ankaphika m'nyumba ya mzungu wina ku Halale, adakwatira mkazi wa komweko, ndipo adali ndi ana awiri. Keyala adailemba kawiri, pamwamba ndi pansi. Kumapeto adati iyi ndi kalata yachiwiri, yoyamba sidayankhidwe, ndipo ngati amayi adamwalira, wina achite chifundo amuuze kuti amete.

"Wamwalira ndani?" Mpanda udagwedezeka. "Mwana wopanda mwambo! Ine ndikumuzilira nyumba, iye akundimetera?"

Ndisadadziwe chimene chikuchitika, mayi wamfupi adatulukira pa chipata, kukankha mwana wake, kundigwira dzanja ndi kuloza pepala. "Pamene akuti ana awiripo ndi pati? Ndionetseni! Aamuna kapena aakazi?" Tidayang'anana maso ndi maso. Adali ndi mphuno ya mwana wanga woyamba. Tonse tidakumbukira mwambo nthawi imodzi: iwo adadziphimba kumutu ndi nsalu nathawira mkati, ine ndidagwa chagada pa mtondo, mapepala a boma ali balala. Mkazi wanga adaseka mpaka adakhala pansi, ndipo sadanyamulenso mawu a munthu tsiku limenelo.

Titatolera mapepala, apongozi adayamba ndi kulamula kuti ndilembe anthu anayi m'nyumba mwawo: mwana, mkazi wake ndi adzukulu awiri. Ndidakana, tsopano ndikulankhula ndi mpanda mwachindunji. Ndidati, "Amayi, mtchona ndi munthu amene sadziwika kumene ali. Uyu tikudziwa mzinda wake, ntchito yake, ndi khomo limene amagona. Ndikamulemba kuti ali pano, boma lidzati kuno kuli mwamuna wongokhala. Ndikamulemba m'chipinda chomalizira, ndilembamo kuti Halale, ndipo aliyense adzaona kuti ali ndi kwawo ndiponso ali ndi kumene ali."

 Kenaka adati, "Mulembeni ndi zilembo zazikulu. Ndipo musadzuke pamenepo. Tiyankhe kalata."

Adandilembetsa masamba atatu, awiri a chidzudzulo, limodzi la mayina a anthu amene adamwaliradi. Za chitengwa adati, "Mwana wanga akadzaponda pakhomo pano, mudzatenge wanuyo." M'mawa mwake adanditumizira tambala wothetsera manyazi, ndipo kuyambira pamenepo tinkapatsana moni pa njira ngati anthu, chitedze chili patali.

Mlamu wanga adabwera patapita madzinja awiri, atavala jekete pa kutentha kwa kunyanja, ndi mkazi wolankhula Chishona ndi ana amene tsopano adali atatu. Adagwada pakhomo, ndipo amayi ake adamuzazira kaye asadalire. Sabata yomweyo atsibweni adabwera kudzanena, ndi nkhope ya munthu amene waganiza yekha, kuti chitengwa chaloledwa. Ndidathokoza ndi manja awiri. Koma mango amene ndidabzala adali atayamba kubereka, ana a sukulu adali atachuluka, ndipo m'mimba mwanga mudali mutazolowera chambo. Ndidati tipita tikakolola. Chilolezocho ndidachisunga monga apongozi anga adasungira kalata, ndipo ndikulemba izi ndili pamudzi womwewo, pafupi ndi pamene padali mpanda uja.

Anthu a ku Armeniya sindiwadziwa, ndipo sindinganene mmene amawerengerana. Koma ndikhulupirira kuti kumenekonso kuli mayi wina amene akuyanika mkeka wa munthu amene pepala likuti kulibe. Tsono inu amene mukupita, pitani, sindikuletsani. Mukafika, sabata isathe musadatiuze mzinda ndi khomo limene mukugona, ndipo mukasamuka mutiuzenso. Mukalemba osayankhidwa, lembaninso, musathamangire kumeta. Ndipo inu otsala, uthenga ukafika, muutsegule tsiku lomwelo.