Chitsulo cha pa Thanthwe

A Luckson ndi mkamwini, ndipo a Kinsley, mlamu wawo, sankaiwala zimenezi ngakhale tsiku limodzi. Munthu wongodzakwatira mlongo wako, wokonza njinga chabe pa Thambani, n'kumatchuka pamudzi pako? Zinkawawawa a Kinsley, osanama.

Chowatchukitsa chake ndiye chachabechabe. Kuseri kwa nyumba kunali thanthwe, ndipo mumng'alu wake munazikidwa chitsulo. Malichi ndi Sepitembala aliyense a Luckson ankasiya njinga za eni n'kumalondola nsonga ya mthunzi wa chitsulocho, m'mawa mpaka madzulo, akuika timadontho ta choko. Masiku ena timadonthoto tinkakhota. Tsiku limene tandandalika mowongoka ngati chingwe, ndiye kuti usana ndi usiku zalingana, ndipo deti lake ankaligoba pathanthwepo ndi msomali. Madeti akale ambiri anali 21 Malichi, atsopano 20 okhaokha. Zimenezi aphunzitsi zinawakomera, mpaka kumabwera ndi kalasi yonse kudzaona. Pobwerera ankawadutsa a Kinsley ndi moni wapakamwa basi, munthu woti wayendetsa thiraki mpaka ku Beira zaka makumi awiri.

Kutatsala sabata kuti kalasi ibwerenso, a Kinsley anatenga nyundo masanasana.

"Chitsulochi ndikufuna pa khola la nkhumba," anatero. "Thanthwe ndi la kwathu, alamu."

Chitsulocho chinakana kuzuka. Anamenya mng'aluwo mpaka mwala unagamphuka, chitsulo n'kutuluka. Mtima wawo unazizira bwino.

A Luckson sanakweze mawu. Anagwada, natola zibenthu, kuyesa kuzibwezera, koma sizinalole. Chitsulo chikaima pena, mthunzi wake sugweranso pa zizindikiro zakale, ndipo a Kinsley ankadziwa zimenezi.

"Alamu, tabwerani muone," anatero a Luckson, akuloza madeti a Malichi a kumtunda, oderako kale. "Khumi ndi awiri awa si dzanja langa. Anagoba ndi malemu bambo anu, inu muli pamsewu. Chitsulonso anazika ndi iwo. Maso atayamba kuwavuta anandipatsa msomali, akuti ndisungire Kinsley mpaka atatopa ndi maulendo."

A Kinsley anawerama. Pa chaka chogobedwa pambali pa deti lina panali seveni wodutsidwa pakati, ndipo anamuzindikira. Ndi mmene bambo awo ankalembera pa makalata.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndakuitanani Malichi aliyense chibwerereni. Mumati muli ndi zochita."

A Kinsley anaima pomwepo, chitsulo chili m'manja. Nsanje ija sinathe ayi, inangokula. Zaka khumi ndi ziwiri bambo awo anakhala pathanthwepa, ndipo amene ankakhala pambali pawo anali mkamwini.