Kompyuta Yofunda Chitenje

Ndinkagwira ntchito m'chipinda cha makadi pachipatala china cha mishoni kumapiri a Dowa. Wodwala akabwera ankandipatsa kakadi kake ka nambala, ine n'kukwera pampando kukafufuza khadi lake lalikulu m'mabokosi. Ena ndikawafunsa khadi ankathamangira kutulutsa la chipani, poti masiku amenewo ndilo linkafunsidwa paliponse, kumsika ngakhale pokwera basi.

Chaka china asisitere oyang'anira chipatalacho anabwera kuchokera kutchuthi kwawo kunja atanyamula makatoni atatu. Munali kompyuta. Tonsefe tinali tisanaionepo. Anaiika patebulo langa, pansi pa chithunzi cha pulezidenti, n'kuifunditsa chitenje poopa fumbi.

"Zonse zili m'mabokosimu zilowe umu," anatero.

Ndinayang'ana mabokosi ofika kudenga, n'kuyang'ananso kachinthuko. Mumtima ndinakana, koma ndinangoti, "Chabwino, asisitere."

Jenereta ikayaka m'mawa, ndinkataipa ndi zala ziwiri. Dzina, mudzi, matenda, mankhwala. Miyezi inapita. Zilembo zobiriwira zinkaoneka pagalasi kenako n'kuzimiririka, ndipo sindinkamvetsa komwe zinkapita.

Tsiku lina m'dzinja kunafika ngolo kuchokera cha ku Ntchisi. Munagona mayi wina, thupi lili moto, osatha n'kuyankhula komwe. Amuna awo, bambo wachikulire, matope mpaka m'mawondo, anandipatsa kakadi kamene kananyowa powoloka mtsinje. Kanali phala lokhalokha. M'mabokosi ndikanafufuza mpaka madzulo.

Ndinawafunsa dzina la mayiwo ndi mudzi, n'kutaipa. Kompyuta inang'ung'udza pang'ono. Kenako zonse zinatulukira: ana amene anabadwira pano, malungo a zaka zam'mbuyo, ndipo m'munsi mwake mawu akuti mayiyu asabayidwe penisilini, anatupapo thupi lonse n'kubanika.

Ndinathamangira kuwodi, komwe anali atawagoneka kale mayiwo. Ndinapeza anamwino akutsegula kabotolo ka mankhwala omwewo, monga ankachitira kwa aliyense wodwala chibayo. Atamva, anakabweza m'kabati n'kukaitana adokotala, amene analemba mankhwala ena.

Ndinabwerera kuchipinda changa. Mawu a za penisilini aja ndinawataipa ndine ndemwe, mwina mwezi wa fumbi, n'kuiwaliratu. Amuna awo nawonso anali ataiwala. Koma kachinthu kaja kanawasunga.

Patapita masiku anayi mayiwo anayamba kumwa phala okha. Bambo aja anabwera pakhomo la chipinda changa, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, akuti muli ndi chinthu chimene chikuwadziwa akazi anga. Ndingachione?"

Ndinavundukula chitenje n'kuwaonetsa dzinalo pagalasi. Sankadziwa kuwerenga, koma anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako anatsitsa mawu, atayamba acheuka kukhomo.

"Nanga za ine, chikudziwa chiyani?"

"Munagonapo m'chipatala muno?"

"Ayi."

"Ndiye sichikukudziwani, bambo. Chimasunga za matenda basi, zimene ife tachiuza."

Anapuma mwamphamvu. Anatambasula dzanja kuti akhudze galasilo, koma anabweza, n'kulipukuta kaye pamalaya. Atalikhudza anati likufunda ngati mphumi ya munthu.

Tsiku lotuluka anandisiyira mtedza m'kathumba, ati wina ndigawireko chinthucho. Ndinaukazinga, tinadya ndi anamwino pakhonde, mvula ikutsika m'phiri.