Masamba Omaliza Anawasuta a Saulos

Esinala Namakhwa amaingitsa mbalame m'munda wake wa mpunga ku Likangala, buku lili pamiyendo. Mabukuwo amamubweretsera ndi mchemwali wake wophunzitsa ku Zomba, ndipo palibe limene amaliwerenga osakwiya.

La chikondi analisiyira pakati. Mtsikana wa m'bukulo anathawa ndi mwamuna wamapiko wokhala m'mitambo. "Azikamudyetsa chiyani kumeneko? Zamapiko ine ndatopa nazo," anatero uku akugenda mpheta ndi chibuma.

La ulimi wa mpunga ndiye linamunyansa. Wolembayo ankalangiza zothirira ngati madzi amabwera ukawaitana, osadziwa kuti kuno anthu amatukwanizana polimbirana ngalande.

Limene linamugwira mtima ndi la wapolisi wofufuza amene anapha mwini hotela. Masiku anayi mbalame zinadya mpunga mwaufulu. Tsiku lachisanu, wapolisi atasonkhanitsa anthu onse kuti atchule wakuphayo, Esinala anapeza masamba omaliza atang'ambidwa.

Anafika kunyumba ali wefuwefu, n'kupeza amuna ake, a Saulos, akusuta chingambwe chopichira m'pepala lolembedwa.

"Bambo, pepala limenelo mwalitenga kuti?"

"M'buku lanu lija. Ndinayambira kumapeto kuti ndisakusokonezeni."

"Bwanji osang'amba la ulimi lija?"

"Limene lija mapepala ake ndi okhuthala, sayaka bwino."

Esinala analanda nduduyo n'kuifunyulula. Panatsala theka la mzere, dzina litapsa kale. Mpaka lero a Saulos akatsokomola, iye amangoti, "Tsokomolani ndithu, mwina wakupha uja atuluka."