Chidindo cha Amayi

Anansi anga akupenta chitseko lero, ndipo fungolo landibwezera pakhonde pathu ku Linthipe. Amayi anasema chidindo pa patapata wakutha. Ankachiviika mu penti wobiriwira, zala zitauma ndi chisanu, n'kumadinda masamba pa miphika yadothi yodzalamo maluwa.

Ine ndinkadziwa kuti chidindo n'cha mabwana okha. Tsono aphunzitsi atafunsa ntchito za makolo athu, ndinaimirira. "Amayi anga ndi abwana. Amadinda."

Anzanga anafa nako kuseka. Kunyumba ndinakafotokoza ndikulira.

"Gwira apa," anatero amayi, akundipatsa chidindocho. "Dinda wako, bwana."

Tsamba langa linapendekeka, koma mphikawo unagulidwabe pamsewu. Zidindo ndaziona zambiri m'maofesi, koma chimene chinandiphunzitsa sukulu ndi cha patapata chija.